Usiku Umene Makalata Anakana Kutuluka ku Zengeza 1

Mlembi wa sosaite ya maliro sagona uthenga ukafika. Wapampando akhoza kudikira kuti kuche, msungichuma akhoza kunena kuti banki sinatsegule, koma mlembi amadzuka pomwepo, chifukwa maliro a masiku ano amayenda ndi mapepala. A malume anga, mlongo wawo wa mayi anga, agwira udindo umenewu zaka zambiri m'sosaite ya ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi ku Zengeza 1, m'tauni ya Chitungwiza. Ali ndi kope lalikulu lachikuto cholimba, laputopu yakale, ndi pulinta yomwe imajambulanso mapepala. Zinthu zitatu zimenezi ndiye ofesi yonse, ndipo imakhala pa tebulo lodyera.

Sabata imene ndinali kwawo, mayi wina wachikulire wa m'sosaitemo anatisiya. Ana ake awiri ali ku Johannesburg, abale ena ali ku Dedza, ndipo a inshuwalansi satulutsa ndalama asanaone mapepala. A malume anajambula chitupa cha malemu ndi kalata ya kuchipatala, n'kulemba mawu ochepa, n'kudina potumizira. Kalata sinapite. M'malo mwake panatuluka kabokosi kofunsa pasiwedi. Anailemba mosamala, chala chimodzi basi, maso ali m'kope. Kabokosi kanabweranso. Analembanso, kanabweranso. Mdzukulu wawo, amene amawaitana kuti sekuru monga amachitira ana obadwira kuno, anayesa pasiwedi yomweyo pa foni yake, ndipo makalata anatseguka nthawi yomweyo.

"Mphwanga," anatero a malume akuvula magalasi, "kiyi ndi yomweyi, chitseko ndi chomwechi. Nanga wasintha loko ndani?"

Loko anali atasinthidwadi, ndipo anasinthidwa kalekale. Masabata awiri m'mbuyomo laputopu ija inapita kwa mnyamata wokonza makompyuta pa mashopu ena apafupi chifukwa inkachedwa kuyaka. Mnyamatayo anafufuta zonse zakale, anaikamo pulogalamu yatsopano yoyendetsera kompyuta, n'kubwezeretsa pulogalamu ya makalata imene a malume anaizolowera. Manambala ndi mayina ofunika kuti imelo iziyenda anawakopera kuchokera pa kapepala komatidwa mkati mwa chikuto cha kope. Kapepalako sikanali kolakwika pa tsiku limene kanalembedwa. Chimene sitinkadziwa tonse n'chakuti zaka zingapo zapitazo imelo ija inakanapo kale, ndipo mdzukulu wina, amene pano ali ku Cape Town, anaikonza poikamo pasiwedi yapadera yomwe pulogalamuyo inasunga yokha. Sanailembe paliponse, sanauze munthu. Laputopu itafufutidwa, nzeru yake inafufutikira limodzi, ife n'kutsala ndi kapepala kokalamba.

Makampani akuluakulu a imelo akhala akusintha maloko kwa zaka zingapo tsopano. Pa 30 Meyi 2022 Google inasiya kulola mapulogalamu akale kulowa mu Gmail ya anthu wamba ndi dzina ndi pasiwedi zokha. Microsoft inayamba kuchita chimodzimodzi pa 1 Okutobala 2022 kwa mabungwe ogwiritsa ntchito Exchange Online, ndipo pa 16 Seputembala 2024 inatseka njira yakaleyo kwa anthu a Outlook.com ndi Hotmail. Kumapeto kwa chaka chomwecho, pa 31 Disembala, inasiya kusamalira pulogalamu ya Mail imene inkabwera ndi Windows, n'kuuza anthu kuti asamukire ku Outlook yatsopano. Aliyense amene amagwiritsa ntchito kompyuta yakale, kaya ku Zengeza, ku Ndirande kapena ku Chipata, wakumanapo ndi limodzi la masiku amenewa, ngakhale sanalidziwe dzina.

Chifukwa chake n'chomveka, ndipo ine sindichitsutsa. M'njira yakale pulogalamu inkapereka pasiwedi yanu yeniyeni nthawi iliyonse ikafuna kuona ngati kwabwera kalata. Wakuba akaipeza ankalowa ngati mwini nyumba, popanda womufunsa kachiwiri. M'njira yatsopano, imene akatswiri amaitcha OAuth, munthu amalowa kamodzi kwa eni imelo, n'kutsimikiza ndi foni yake kuti ndi iyeyo, ndipo pulogalamu imapatsidwa chiphaso chakechake chomwe chikhoza kulandidwa popanda kukhudza pasiwedi. Makina akale amene sadziwa njira imeneyi amapatsidwa pasiwedi yawoyawo. Ya Google imatchedwa app password, ili ndi zilembo 16, ndipo siituluka ngati munthu sanayambe wayatsa chitsimikizo cha pa foni. Amene anaonapo imelo ya m'bale wake itabedwa, wakubayo n'kumalembera achibale onse kuti tumizani ndalama ndadwala, amadziwa kuti loko wolimba ndi wofunika.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Pa nkhani iyi ng'oma inaimbidwa ndithu, miyezi yambiri tsiku lisanafike. Koma inaimbidwa m'Chingerezi cha akatswiri, m'kalata yofika m'bokosi lomwelo lodzaza ndi otsatsa malonda ndi achinyengo onena kuti akaunti yanu itsekedwa mawa. Munthu wachikulire amene ana ake amuphunzitsa kuti kalata yonena za pasiwedi asamaikhudze, amachita zimene anauzidwa. Amaisiya. Ndipo tsiku likafika, kabokosi kamene kamatuluka sikanena kuti malamulo asintha. Kamangonena kuti pasiwedi yalakwika, ndipo munthu amayamba kudzikayikira kuti kapena mutu wake wayamba kuiwala. Ndinaona nkhope ya a malume usiku umenewo. Sanakwiyire makina. Anadzichitira manyazi okha, pamaso pa mdzukulu wawo, pa cholakwa chimene sichinali chawo.

Magetsi analipo usikuwo, choncho tinakhala pansi kufunafuna malangizo pa intaneti. Apa ndi pamene vuto lenileni linaonekera. Kompyuta ikamatumiza kalata imagogoda pa khomo lina la seva, makina aakulu olandira makalata, ndipo khomo lililonse lili ndi nambala yake. Akatswiri amati port. Malangizo oyamba amene tinapeza anati lembani 465. Achiwiri anati lembani 587, n'kuchenjeza kuti 465 ndi yakale ndipo inaletsedwa. Achitatu anati 25. Ena anati pitani pakutipakuti, yatsani batani lolola mapulogalamu akale. Tinapita pamenepo, batanilo panalibe. Onsewa analemba motsimikiza ngati aphunzitsi, ndipo palibe amene anaika deti loonekera.

Chodabwitsa n'chakuti palibe amene ananama. Malamulo oyendetsera imelo, otchedwa SMTP, analembedwa ndi Jon Postel mu Ogasiti 1982, ndipo khomo lake linali 25. Lero khomo limenelo kwenikweni ndi la maseva okhaokha polankhulana, ndipo makampani ambiri a intaneti amalitseka kwa makasitomala a m'nyumba pofuna kuchepetsa makalata a chinyengo. Kumayambiriro kwa 1997 nambala 465 inapatsidwa ntchito yotumizira makalata obisika, amene munthu wapakati sangathe kuwawerenga. Pofika kumapeto kwa 1998 akatswiri anasintha maganizo. Anachotsa 465 pa ntchitoyo, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anakhazikitsa 587 kuti ikhale khomo lotumizirapo makalata. Koma mapulogalamu anali atafala kale ndi 465, ndipo makampani anapitiriza kulitsegula chifukwa anthu ankaligwiritsa ntchito. Kwa zaka pafupifupi 20 malamulo ankanena china, makina akuchita china. Kenako mu Januwale 2018, m'chikalata chotchedwa RFC 8314, Keith Moore ndi Chris Newman analibwezera 465 ulemu wake n'kulimbikitsa anthu kuligwiritsa ntchito. Motero wolemba mu 1997, wolemba mu 2010 ndi wolemba mu 2020 onse ananena zoona za nthawi yawo, ndipo zolemba zawo zonse zikadali pa intaneti, zitayalidwa pa mphasa imodzi ngati tomato wa lero ndi wa dzana, popanda wokuuza kuti wathyoledwa liti.

Ine mlandu sindiuika pa kusintha. Makina ayenera kusintha, akuba nawo sagona. Ndimauika pa malangizo opanda deti. Mankhwala a m'botolo amalembedwa tsiku lothera mphamvu. Mkaka wa m'sitolo ulinso nalo. Malangizo a makina, amene amaola msanga kuposa zonsezi, nthawi zambiri amasiyidwa opanda chizindikiro. Munthu wa ku Zengeza amene akuwerenga pa foni yaing'ono, bandulo yake ikutha, alibe njira yodziwira kuti chithunzi chimene akutsatira ndi cha pulogalamu yomwe inasinthidwa nkhope kawiri chichijambulireni. Amati safunsa anadya phula, koma ife tinafunsa, ndipo tinayankhidwa ndi anthu anayi osagwirizana.

Chopweteka kwambiri tinachizindikira pakati pa usiku. Sosaite ija inali ndi keyala ina yakale ya imelo, ya kampani ina ya intaneti ya m'dziko momwemo, imene inaikidwa m'njira yotchedwa POP. Pali njira ziwiri zotengera makalata. Ya IMAP imasiya makalata pa seva, kompyuta n'kumangowaonetsa, moti ngakhale kompyutayo itabedwa makalata amakhalapobe. Ya POP ili ngati munthu wopita ku positi ofesi ndi kiyi: amatsegula bokosi, kutenga zonse, kupita nazo kunyumba, bokosi n'kutsala lopanda kanthu, pokhapokha wina atailamula kuti izisiya makope. Makalata a zaka zambiri a keyala imeneyo ankakhala m'fayilo imodzi yobisika mkati mwa laputopu. Wokonza uja anasunga zithunzi ndi zikalata zooneka, monga anapemphedwa. Fayilo yobisikayo palibe anaitchula, chifukwa palibe ankadziwa kuti iliko. M'menemo munali makalata ochokera kwa abale a ku Malawi, mayankho a mafunso amene sosaite imafunsa munthu akadwalika: kwawo n'kuti, mfumu yawo ndani, watsala ndani kumudzi. A malume anakhala chete kwa kanthawi, kenako anatsegula kope n'kuyamba kuvundukula masamba. Zambiri mwa zimenezo anali atazikopera ndi cholembera, chilichonse ndi tsiku lake.

Kuti mumvetse kulemera kwa makalata amenewo muyenera kudziwa anthu ake. Chitungwiza inapangidwa mu 1978 pophatikiza malokeshoni atatu, Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo ili pa mtunda wosakwana makilomita 30 kumwera kwa Harare. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 370,000. Pakati pawo pali zidzukulu za amuna amene anachoka ku Nyasaland pa nthawi ya atsamunda, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, kupita ku Halale kukagwira ntchito m'minda ya fodya, m'migodi, m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu. Amene sanabwerere, kumudzi anawatcha matchona. Anasiya chizindikiro chawo m'tauni ino: gule wamkulu amavinidwa, mizikiti ilipo, mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Harare ilipo, ndipo oimba sungura otchuka a ku Chitungwiza monga Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, a magazi a ku Malawi, anaika Chichewa m'nyimbo zawo. Kwa anthu amenewa kalata inali chingwe chokhacho chomangirira munthu kumudzi kwawo. Inkalembedwa ndi wodziwa kulemba, kudzera pa keyala ya bwana kapena ya sukulu ya mishoni, ndipo ikasiya kubwera ndiye kuti munthu watchona. Imelo inalowa m'malo a envelopu ndi sitampa, WhatsApp yalanda macheza a tsiku ndi tsiku, koma mapepala a ofesi, a inshuwalansi, a sukulu ndi a ntchito akuyendabe pa imelo.

Ndipo njira zatsopanozi zinapangidwa poganizira munthu wina, osati wa kuno. Zimayembekezera munthu mmodzi, foni imodzi, nambala imodzi yosasintha. Ku Zengeza foni imabwerekanidwa, imagulitsidwa zinthu zikavuta, imabedwa pokwera kombi ku Chikwanha kapena ku Makoni. Layini ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaipereka kwa wina. Ngakhale manambala enieniwo anasinthapo: a Econet oyamba ndi 091 anasanduka 077, a NetOne a 011 anakhala 071, a Telecel a 023 anakhala 073. Mnyamata amene anatsegulira agogo ake imelo ndi nambala yake, kenako n'kuwoloka Limpopo, amapita ndi kiyi wa nyumba ya eni. Nambala yotsimikizira imatumizidwa ku layini yakufa, kapena kwa mlendo. Kuyambira mu Disembala 2023 Google inayambanso kufufuta maakaunti amene akhala zaka ziwiri osatsegulidwa, ndipo zaka ziwiri si zambiri kwa gogo amene amafuna imelo yake pokhapokha pakagwa nkhani ya penshoni.

Onjezanipo magetsi. Mu 2019 ZESA inkathimitsa mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo kumapeto kwa 2022 madzi atachepa ku Kariba mdima unabwereranso. Kompyuta yomwe yayamba kudzikonza yokha imalemba kuti musazimitse, koma wozimitsa sakhala m'nyumbamo. Kumayambiriro kwa 2024 Gmail inachotsa maonekedwe ake opepuka, aja a zilembo zokhazokha, amene ankatseguka ngakhale netiweki ikukwawa. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inafika pa tsiku limene inaika losiyira kusamalira Windows 10, pamene Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komwe makompyuta ambiri akale alibe. Makompyuta akale amenewo, otsika m'maofesi a ku Ulaya ndi ku South Africa, ndi amene ali m'mashopu otayipa ndi kusindikiza mapepala, m'maofesi a matchalitchi ndi m'masukulu ang'onoang'ono. Kwa wopanga pulogalamu, kompyuta ya zaka 10 ndi chinthu chotha ntchito. Kwa mayi wotayipa ma CV a achinyamata ofuna ntchito, ndiye munda wake.

A mabizinesi ang'onoang'ono ali ndi mtolo wawo. Amene anagula dzina lothera ndi .co.zw kuti makalata awo azioneka aulemu anapeza kuti kuyambira mu Febuluwale 2024 Gmail ndi Yahoo zinakhwimitsa malamulo olandirira makalata. Wotumiza ayenera kukhala ndi umboni wakuti kalata yachokeradi ku dzina limene yanyamula. Umboniwo umalembedwa m'kaundula wa dzinalo, m'mizere yotchedwa SPF ndi DKIM, ndipo otumiza makalata oposa 5,000 pa tsiku amafunikanso DMARC. Kalipentala kapena wowotcherera zitsulo amene anamuikira imelo mnyamata wina zaka zisanu zapitazo sadziwa n'komwe kuti mizere imeneyi iliko. Amangoona kuti mitengo imene amatumiza kwa makasitomala siyankhidwa, osadziwa kuti ikugwera m'bokosi la zinyalala kapena ikubwezedwa panjira. Miyezi ingapo izi zisanachitike, mu Okutobala 2023, bungwe lotolera misonkho la ZIMRA linayambitsa makina atsopano otchedwa TaRMS, nambala yakale ya BP n'kulowedwa m'malo ndi TIN, ndipo okhoma msonkho anayenera kulembetsa pa makina atsopanowo. Munthu amene imelo yake inali itafa anali ndi zitseko ziwiri zoti agogode, china chili kuseri kwa chinzake.

Musaganize kuti akatswiri eniake amapulumuka. Pulogalamu ya Exim, imene Philip Hazel anayamba kuilemba mu 1995 pa yunivesite ya Cambridge, imayendetsa makalata pa maseva ambiri padziko. Mu 2020 mtundu wake wa 4.94 unayamba kukana kugwiritsa ntchito mwachindunji mawu ochokera kwa wotumiza kalata popanga dzina la fayilo, pofuna kutseka mpata wa akuba. Pulogalamu yoyendetsera kompyuta ya Debian 11 itatuluka mu Ogasiti 2021 ndi mtundu umenewu, osamalira maseva amene sanawerenge chenjezo anapeza kuti zoikamo zomwe zinagwira ntchito zaka zambiri zayamba kukanidwa, pamene zitsanzo zakale zimene anaphunzirirapo zikadali ponseponse. Pali njira ina yochitira zinthu, ndipo ndimailemekeza. Wietse Venema, mlembi wa pulogalamu ya Postfix, potulutsa mtundu wa 3.0 mu 2015 anaikamo chotchingira. Seva ikakwezedwa imapitiriza kutsatira makhalidwe akale, koma nthawi iliyonse ikatero imalemba chenjezo lotchula dzina la chinthu chimene chasintha, mpaka woisamalira atakonza n'kunena yekha kuti ndakonzeka. Ameneyu anachita ngati mmisiri wofolera nyumba yokhalamo anthu, amene amachotsa lata limodzi n'kukhoma latsopano asanakhudze lina.

Tili pakati pa kulimbana ndi manambala aja, a malume ananena chinthu chimene sindinachiyembekezere. Anati zimenezi si zachilendo kwa iwo, anaziona kale pa chitupa chawo. Anthu obadwira mu Zimbabwe kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique akhala zaka zambiri ndi zitupa zolembedwa kuti alien, kunena kuti mlendo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti akane unzika winawo, ngakhale anali asanapondepo m'dzikolo. Ambiri sanamve, ena analibe mapepala a makolo, ndipo anadzuka tsiku lina ali alendo m'dziko limene mchombo wawo unagwera. Malamulo aakulu a dziko a 2013, mu gawo 43, anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linali nzika ya dziko la mu SADC. Koma pepala lalikulu linasintha, timapepala ta m'matumba n'kutsala momwemo. Panafunika chigamulo cha Khoti Lalikulu ku Harare mu Novembala 2017 kuti anthu a zitupa zimenezi aloledwe kulembetsa mavoti ataonetsa chitupacho pamodzi ndi kalata ya kubadwa ndi umboni wa kumene amakhala. Mu 2021 Amnesty International inatulutsa lipoti losonyeza kuti ambiri akadali opanda dziko.

Sindikufananitsa imelo ndi unzika. China n'chovuta cha usiku umodzi, china chadya moyo wa mibadwo iwiri. Koma ndinamva chimene a malume ankatanthauza. Munthu amene waimapo pa zenera la ofesi atanyamula pepala limene dzulo linali lokwanira, n'kuuzidwa kuti lero silikwanira, pamene chikwangwani cha pakhoma chikunenabe za dzulo, amachizindikira chinthu chimenechi chikabwera ndi nkhope ina. Amadziwanso kuti wosintha malamulo sakhalapo pa nthawi imene iwe ukulipira kusinthako. N'chifukwa chake anthu a m'badwo wawo amasunga chilichonse: malisiti a kanselo, makhadi akale a ntchito, makalata a ubatizo, zonse m'chikwama chapulasitiki pansi pa matiresi. Ndipo n'chifukwa chake kope la sosaite limayamba mzere uliwonse ndi tsiku.

Ndinaliyang'anitsitsa kopelo usikuwo. Chopereka cha mwezi chikakwera, mlembi safufuta chakale. Amajambula mzere umodzi pamwamba pake kuti chiziwerengekabe, n'kulemba chatsopano pambali, ndi tsiku la msonkhano umene unagwirizana. Ndalama ya dziko yasintha kangapo m'masamba amenewo, kuchoka pa dola ya Zimbabwe, kudza dola ya America mu 2009, mabondi, mpaka ZiG mu Epulo 2024, ndipo tsamba lililonse limanena kuti nambala zake ndi za ndalama iti. Munthu wobwera m'mbuyo akhoza kutsatira mmene zinthu zinayendera popanda womufotokozera. Kapepala ka imelo kokha, kolembedwa ndi dzanja la wachinyamata wodziwa makompyuta, ndi kamene kanalibe deti m'kope lonselo.

Kukonza kwenikweni sikunatenge mphindi 20 titadziwa chochita. Mdzukulu amene tinali naye uja anakonzanso chitsimikizo cha pa foni, ndipo ulendo uno tinaika nambala ya a malume eniake, layini imene akhala nayo kuyambira kale ndipo saisiya. Tinatulutsa pasiwedi yapadera ya pulogalamu ya pa laputopu. Tinasankha IMAP pa khomo 993 kuti makalata azitsala pa seva, ndipo potumizira tinalemba 465. Kalata ija, imene inakhala m'bokosi la zotuluka kuyambira madzulo, inanyamuka itadutsa 12 koloko. Pulinta yokha inakanabe kutumiza mapepala payokha monga inkachitira kale. Ndi ya nthawi imene makina ankabisa uthenga ndi njira zakale za TLS 1.0 ndi 1.1, zomwe akatswiri anazithetsa mu 2021, ndipo maseva ambiri sazimvanso. Imeneyo tinaisiya. Izijambulira mu laputopu, laputopu izitumiza.

A malume sanapite kukagona. Anatsegula tsamba latsopano chakumapeto kwa kope, n'kulemba tsiku pamwamba asanalembe china chilichonse. Kenako anandiuza kuti ndiwatchulire chimodzichimodzi: dzina la pulogalamu ndi mtundu wake, dzina la seva yolandira ndi yotumiza, manambala a makomo, nambala ya foni yolandira chitsimikizo, ndi dzina la amene wakonza. Anandifunsa kuti chinalakwika n'chiyani, ndipo analemba yankho langa m'mawu awoawo, m'Chichewa chosakaniza ndi Chishona. Pasiwedi sanailembe pamenepo. Anailemba pa pepala lina, n'kuliika mu envelopu yoti akapereke kwa msungichuma, amene amasunga kale buku la ku banki. Kapepala kakale kaja sanakang'ambe. Anajambula mzere umodzi pamwamba pake n'kulemba pambali kuti onani tsamba lakumapeto.

"Pa msonkhano wa mwezi uno ndikaiika pa ajenda," anatero. "Pakhale nambala yachiwiri, ya msungichuma. Ine nditagona lero, musadzavutike kufuna foni yanga."

Kunja kukuyera, yankho la a inshuwalansi linali lisanabwere, koma mwana wa malemu wa ku Johannesburg anali atalemba kuti mapepala awaona ndipo akwera basi ya masana kudzera ku Beitbridge. Magetsi anazima cha m'ma 5 koloko. A malume anatseka laputopu, anavala jekete, n'kuika kope m'khwapa. Kusiwa kunali misewu itatu kuchokera pakhomo pawo, ndipo tili panjira tinkamva kale amayi a chigwirizano akuimba.